Kodi Mumadziwa? Amisiri Osatchulidwa a M'mayunivesite a ku Glasgow

Pulofesa akatulukira chinthu chatsopano, dzina lake limamveka pa wailesi ndi m'nyuzipepala. Koma amene anaonetsetsa kuti kompyuta yake ikuyaka, intaneti sikudukaduka, pulojekita ikuwala ndiponso zotsatira za kafukufuku wake sizinasowe, satchulidwa n'komwe. Kuno kwathu timangowatcha kuti "a ICT", ndipo timawakumbukira zinthu zikaima basi. Lero tipite ku Glasgow, mzinda waukulu kuposa yonse ya ku Scotland, tikaone zimene anthu amenewa akhala akuchita kwa zaka zoposa 250.

KOMPYUTA ZISANABWERE

Kodi mumadziwa kuti mu mzinda umodzi wokhawu muli mayunivesite atatu? University of Glasgow inayamba m'chaka cha 1451, pa chilolezo cha Papa Nicholas V. University of Strathclyde inalandira dzina la yunivesite mu 1964, ngakhale kuti mizu yake ndi ya mu 1796. Glasgow Caledonian University ndiye mwana wa pamsana, wobadwa mu 1993. Pambali pa zitatuzi pali sukulu yotchuka ya zojambula ndi zomangamanga, Glasgow School of Art. Sukulu iliyonse ili ndi gulu lake la amisiri a makina ndi makompyuta.

Kodi mumadziwa kuti James Watt sanali pulofesa? Anali wokonza zida za aphunzitsi. Mu 1756 University of Glasgow inalandira zida zoonera nyenyezi zimene Alexander Macfarlane, wamalonda wa ku Jamaica, anaisiyira atamwalira. Zidazo zinafika zitaonongeka ndi ulendo wa panyanja, ndipo Watt, mnyamata wa zaka 20, ndiye anapatsidwa ntchito yozitsuka ndi kuzikonza. Mu 1757 anamulola kutsegula kachipinda kogwiriramo ntchito m'kati mwa koleji. Patapita zaka zingapo, Pulofesa John Anderson anamupatsa kainjini kophunzitsira ka mtundu wa Newcomen kuti akakonze chifukwa kankangoima. Watt anaona kuti vuto silinali pa kainjiniko kokha: injini zonse za mtunduwo zinkawononga nthunzi yambiri chifukwa silinda yake inkatenthedwa ndi kuziziritsidwa mobwerezabwereza. Mu 1765, akuyenda pabwalo la Glasgow Green, anaganiza zoti nthunzi izikaziziritsidwa m'chipinda china chapadera. Mu 1769 analandira chikalata cha umwini wa lusoli, ndipo injini zake zinasintha migodi ndi mafakitale. Kainjini kaja kadakalipo ku Hunterian Museum. Mukamagula babu n'kufunsa kuti ndi la mawatsi angati, mukutchula dzina la wokonza zida ameneyu.

Kodi mumadziwa kuti pulofesa amene anapatsa Watt ntchito ija ndiye kholo la Strathclyde? Anderson atamwalira mu 1796 anasiya mabuku ndi zida zake zophunzitsira kuti akhazikitsire sukulu ya maphunziro othandiza pa ntchito. Pa sukulu imeneyi ndi pamene David Livingstone, wa ku Blantyre wa ku Scotland, anayamba kuphunzira zachipatala mu 1836. Lero nyumba yosanja yotchedwa Livingstone Tower, pa Strathclyde pomwepo, ndi mmene muli dipatimenti ya sayansi ya makompyuta.

Kodi mumadziwa kuti imodzi mwa malabotale oyambirira a ophunzira ku Britain inali mosungira vinyo? William Thomson, amene pambuyo pake anadzatchedwa Lord Kelvin, anakhala pulofesa ku Glasgow mu 1846 ali ndi zaka 22, ndipo anakhala pa mpandowo zaka 53. Anapeza zida zophunzitsira zili zachikale, malo oyeseramo zinthu palibe. Anatenga chipinda chapansi chimene kale munkasungidwa vinyo n'kuikamo ophunzira ake kuti azigwira zida ndi manja awo. Zambiri mwa zida zimene Kelvin ankaganiza m'mutu, amene ankaziumba ndi zala anali James White, mmisiri wa mu mzindamo. Ubale wa Kelvin ndi kampani ya White unakula mpaka mu 1900 kampaniyo inatchedwa Kelvin & James White.

Kodi mumadziwa kuti intaneti ya pa foni yanu ili pa ubale ndi zida za anthu awiriwa? Mu 1858 anayala waya wa telegalafu pansi pa nyanja ya Atlantic, koma mphamvu yofika tsidya linalo inali yofooka kwambiri. Kelvin anapanga chida chokhala ndi kagalasi kakang'ono kamene kankagwedezeka ngakhale ndi mphamvu yochepetsetsa, n'kumathwanimitsa kuwala pa sikelo kuti munthu awerenge uthengawo. Waya woyambawo unafa patangopita milungu yochepa, koma wa mu 1866 unagwira ntchito. Masiku ano intaneti ya ku Malawi imadutsa ku Tanzania ndi ku Mozambique kukalumikizana ndi nthambo za pansi pa nyanja ya Indian monga SEACOM, ya mu 2009, ndi EASSy, ya mu 2010.

Kodi mumadziwa kuti Kelvin anapanganso makina owerengera opanda magetsi? M'zaka za m'ma 1870 anakonza makina a timawilo ndi waya amene munthu akapukusa chogwirira ankajambula papepala nthawi imene nyanja idzadzaze ndi kuphwa pa doko. Makina a mtundu umenewu anatumikira oyendetsa sitima mpaka makompyuta amagetsi atawalowa m'malo.

Kodi mumadziwa kuti sikani imene amayi oyembekezera amaunikidwa nayo inakulira ku Glasgow? Pulofesa Ian Donald, dokotala wa amayi, anamva kuti m'mafakitale amagwiritsa ntchito mafunde a phokoso losamveka ndi khutu pofufuza ming'alu m'zitsulo. Mu 1955 anatenga zotupa zochotsedwa kwa odwala n'kupita nazo ku fakitale ya Babcock & Wilcox ku Renfrew kukaziyesa pa makinawo. Nzeru anali nayo, koma makina oyenera thupi la munthu analibe. Amene anawapanga anali Tom Brown, injiniya wachinyamata wa kampani ya Kelvin & Hughes, mdzukulu wa kampani ija ya Kelvin ndi White. Mu June 1958 Donald, Brown ndi Dokotala John MacVicar anasindikiza zotsatira zawo m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Dzina la injiniya linalembedwa pamodzi ndi a madokotala.

MAKOMPYUTA ATAFIKA

Kodi mumadziwa kuti yunivesite yonse inkagawana kompyuta imodzi? University of Glasgow inakhazikitsa labotale ya makompyuta mu 1957, woyang'anira wake anali Dennis Gilles, ndipo inali yunivesite yoyamba ku Scotland kukhala ndi kompyuta yamagetsi. Makinawo anali DEUCE, opangidwa ndi kampani ya English Electric potsatira maganizo amene Alan Turing anayambitsa. Ankadzaza chipinda, ankatentha, ndipo malangizo ankalowetsedwa pa makadi oboola. Mphunzitsi wa sayansi wofuna kuwerengetsa kanthu ankapereka makadi ake n'kudikira. Akalakwitsa bowo limodzi, ankayambiranso. Gilles anadzakhala pulofesa woyamba wa sayansi ya makompyuta pa yunivesiteyi mu 1966. Phunziro lonse la makompyuta linamera kuchokera mu ofesi yothandiza aphunzitsi a maphunziro ena.

Kodi mumadziwa kuti ntchito ya zaka 44 inatsala pang'ono kupsa tsiku limodzi? Mu 1965 Pulofesa Michael Samuels wa ku University of Glasgow ndi anzake anayamba kusonkhanitsa mawu onse a Chingerezi, akale ndi atsopano, n'kumawasanja potsata matanthauzo ake. Liwu lililonse linkalembedwa pa kapepala kake. Mu 1978 nyumba imene munali timapepalati inagwira moto, ndipo tinapulumuka chifukwa tinali m'makabati achitsulo. Kuyambira pamenepo kapepala kalikonse kankalembedwa patatu n'kusungidwa m'malo osiyana, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ntchito yotilowetsa mu kompyuta inayamba. Bukulo, Historical Thesaurus of the Oxford English Dictionary, linatuluka mu 2009 motsogoleredwa ndi Pulofesa Christian Kay, lili ndi mawu pafupifupi 800,000, ndipo lero aliyense angafufuzemo pa intaneti. Amisiri a makompyuta mpaka pano amaphunzitsa lamulo lomwelo: chinthu chofunika chisungidwe patatu, kope limodzi likhale kutali. Madzi akatayika saoleka.

Kodi mumadziwa kuti mayunivesite a ku Britain ali ndi msewu wawowawo wa intaneti? Umatchedwa Janet, unayamba kugwira ntchito mu April 1984, anthu wamba asanaimve n'komwe intaneti. Lero umayendetsedwa ndi bungwe la Jisc, ndipo mayunivesite onse a ku Glasgow amadutsira momwemo. Phindu lake n'lakuti sukulu zimagula intaneti pamodzi, motsika mtengo, ndipo wofufuza angatumize mafayilo akuluakulu osalimbana ndi anthu oonera mpira. Malawi ali ndi wake wotchedwa MAREN, Zambia ili ndi ZAMREN, Mozambique ili ndi MoRENet. Mgwirizano wa maukonde amenewa kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, UbuntuNet Alliance, unayamba mu 2005, MAREN ali mmodzi mwa oyambitsa, ndipo ofesi yake yaikulu inakhazikitsidwa ku Lilongwe.

Kodi mumadziwa kuti lekichala wochokera ku Zomba kapena ku Lusaka angalowe pa Wi-Fi ya ku Glasgow osapempha pasiwedi kwa munthu? Zimatheka ndi eduroam, njira imene inaganiziridwa ku Netherlands mu 2002 ndipo tsopano ili m'mayiko oposa 100. Mlendo akalemba dzina ndi pasiwedi yake, makina a ku Glasgow saona pasiwediyo: amangofunsa seva ya ku yunivesite ya kwawo ngati munthuyo ndi wawo. Seva ikavomera, khomo latseguka. Chofunika n'chakuti yunivesite ya kwawoyo ikhale inalowa mu eduroam, ndiponso seva yake ikhale yoyaka usana ndi usiku. Magetsi akazima ku seva ya kumudzi, mlendo ku Glasgow amatsala panja.

M'KALASI

Kodi mumadziwa kuti pulogalamu yoikapo manotsi ndi mayeso ku University of Glasgow ndi yaulere? Ndi Moodle, imene Martin Dougiamas wa ku Australia anatulutsa mu 2002. Ku Strathclyde amagwiritsanso ntchito Moodle yemweyo koma anamupatsa dzina loti Myplace. Ku Glasgow Caledonian ali ndi GCULearn. Pulogalamu ingakhale yaulere, koma maseva ake, chitetezo chake ndi anthu oiyang'anira ndi a ndalama. N'chifukwa chake kuli ntchito yapadera ya akatswiri a luso lophunzitsira: anthu amene amakhala pansi ndi lekichala n'kumuthandiza kusandutsa manotsi a pa bolodi kukhala mafunso odzichonga okha, makanema afupiafupi ndi zokambirana za m'magulu.

Kodi mumadziwa kuti pa 23 March 2020 Glasgow ndi Malawi anakumana ndi vuto limodzi tsiku limodzi? Tsikulo boma la Britain linalamula anthu kukhala m'nyumba chifukwa cha Covid-19, ndipo ndi tsiku lomwelo limene sukulu ndi makoleji a ku Malawi anatsekedwa. Ku Glasgow makalasi anasamukira pa Zoom ndi Microsoft Teams, mayeso a chaka chimenecho analembedwera pa intaneti. Sizinachitike mwa matsenga: Moodle analipo kale, wophunzira aliyense anali ndi akaunti, ndipo amisiri anagwira ntchito yophunzitsa aphunzitsi, kubwereketsa malaputopu ndi kukulitsa maseva. Kwathu kuno funso loyamba linali la bandulo, netiweki ndi magetsi kumudzi.

Kodi mumadziwa kuti lamulo limakakamiza mayunivesite kuika mawu olembedwa pansi pa makanema ophunzitsira? Malamulo a mu 2018 a ku Britain amafuna kuti masamba a pa intaneti a mabungwe a boma akhale ofikirika kwa anthu olumala, ndipo makanema atsopano analowa m'lamuloli kuyambira mu September 2020. Makina amatha kulemba okha zimene mphunzitsi akuyankhula, koma amapunthwa pa mawu a sayansi ndiponso pa kalankhulidwe ka anthu ena, kuphatikizapo eni mzinda wa Glasgow. Pamafunikabe munthu woti awerenge ndi kukonza, kuti wophunzira wosamva asaloweze zolakwika.

Kodi mumadziwa kuti nyumba yamakono yophunziriramo ku University of Glasgow inapatsidwa dzina la munthu wobadwira mu ukapolo? James McCune Smith anabadwira ku New York mu 1813, chaka chomwe Livingstone anabadwa. Makoleji a ku America atamukana chifukwa cha khungu lake, anabwera ku Glasgow, ndipo mu 1837 anakhala munthu wakuda woyamba wa ku America kulandira digiri ya udokotala. Nyumba ya dzina lake inatsegulidwa mu 2021 ndipo mumakwana ophunzira 2,500. M'zipinda zambiri ophunzira amakhala m'magulu mozungulira matebulo okhala ndi sikirini, mphunzitsi n'kumayendayenda pakati pawo m'malo moima kutsogolo ola lonse.

Kodi mumadziwa kuti anamanga malo osungira maseva ndi zidole za ana? Mu 2013 akatswiri a makompyuta a ku University of Glasgow analumikiza timakompyuta 56 ta Raspberry Pi, kalikonse kokwana m'dzanja, n'kutiika m'mashelefu a njerwa za Lego. Cholinga chinali choti ophunzira aone ndi kugwira mmene malo aakulu a makampani ngati Google amagwirira ntchito, popanda kuwononga mamiliyoni. Yunivesite ya ndalama zochepa ingatengerepo phunziro.

PA KAFUKUFUKU

Kodi mumadziwa kuti dzina la mzindawu lili pa chida chimene olemba mapulogalamu padziko lonse amagwiritsa ntchito? Glasgow Haskell Compiler ndi pulogalamu yomasulira chinenero cha makompyuta cha Haskell kuti makina achimve. Inayambira pa University of Glasgow cha m'ma 1989, ndipo mmodzi mwa oitsogolera kwa zaka zambiri anali Simon Peyton Jones. Ndi yaulere, ndipo lero imasamalidwa ndi anthu a m'mayiko ambiri.

Kodi mumadziwa kuti makompyuta a ku Glasgow anathandiza kupeza kanthu kosaoneka ndi maso ku Geneva? Makina a bungwe la kafukufuku la CERN, oyenda mozungulira makilomita 27 pansi pa nthaka, amagundanitsa tizidutswa ta atomu n'kutulutsa deta yochuluka moti palibe malo amodzi angaisanthule. Ntchitoyo imagawidwa ku malo pafupifupi 170 m'mayiko oposa 40. Ku Britain mgwirizanowu umatchedwa GridPP, ku Scotland ScotGrid, ndipo Glasgow ndi amodzi mwa malo ake aakulu. Pa 4 July 2012 asayansi atalengeza kuti apeza kachidutswa ka Higgs, kumbuyo kwawo kunali anthu osintha madisiki akufa ndi kuyang'anira zoziziritsira maseva.

Kodi mumadziwa kuti pa kompyuta yamphamvu pamakhala mzere? Ku Strathclyde kuli makina otchedwa ARCHIE-WeSt, amene anayamba mu 2012 kuti azitumikira mayunivesite ndi makampani a kumadzulo kwa Scotland. Amagwira ntchito ngati chigayo cha pa msika: wofufuza aliyense amabwera ndi thumba lake la masamu, amanena kukula kwake ndi nthawi imene lingatenge, n'kuliika pa mzere. Pulogalamu yapadera ndiyo imasankha loti liyambe. Injiniya woyesa mphepo pa phiko la ndege ndi katswiri woyesa mankhwala atsopano amagawana makina amodzi, m'malo moti dipatimenti iliyonse igule ake n'kumawasiya akugona theka la chaka.

Kodi mumadziwa kuti magalasi olemera makilogalamu 40 amalendewera pa ulusi wagalasi wosakwana theka la milimita? Pa 14 September 2015 makina a LIGO ku America anamva kwa nthawi yoyamba kunjenjemera kwa mlengalenga kumene Albert Einstein ananeneratu zaka pafupifupi 100 m'mbuyomo. Kuti amve kanthu kakang'ono chotero, magalasi ake ayenera kukhala bata lenileni. Njira yowapachikira pa ulusi wa silika inakonzedwa ndi gulu la ku University of Glasgow la Pulofesa James Hough ndi Pulofesa Sheila Rowan. Kukoka ulusiwo ndi kuuwotcherera pa galasi osauthyola ndi luso la manja.

Kodi mumadziwa kuti kusunga bwino manambala kunasintha mankhwala a mtima? Mu 1995 kafukufuku wa WOSCOPS, wa amuna 6,595 a kumadzulo kwa Scotland, anasonyeza kuti mankhwala otsitsa mafuta m'magazi otchedwa pravastatin amachepetsa matenda a mtima ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ngakhale kwa anthu amene mtima sunawagwirepo. Deta yake inasamalidwa ku Robertson Centre for Biostatistics pa University of Glasgow. Masiku ano wofufuza wofuna mbiri za odwala sapatsidwa mafayilo oti apite nawo kunyumba. Amalowa m'malo otetezedwa a pa kompyuta, mayina atafufutidwa kale, ndipo zimene akufuna kutulutsa zimayamba zaunikidwa. Ku Malawi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta linakhazikitsidwa mu 2024.

Kodi mumadziwa kuti mungawerenge kafukufuku wa ku Glasgow muli ku Mzuzu osalipira kanthu kupatula bandulo? University of Glasgow ili ndi nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa Enlighten, Strathclyde ili ndi Strathprints. M'menemo muli nkhani za kafukufuku ndi mabuku a digiri ya PhD, ndipo mukalemba dzina la Malawi pofufuzira mupezamo ntchito za umoyo, madzi, magetsi ndi maphunziro a dziko lino. Kuyambira mu April 2016, nkhani ya lekichala wa ku Britain imayenera kuikidwa m'nkhokwe yotere kuti iwerengedwe pa kauniuni wa mayunivesite wotchedwa REF, amene amakhudza ndalama zimene sukulu imalandira. Oyendetsa nkhokwezi ndi a ku laibulale pamodzi ndi amisiri a makompyuta.

ZIKAVUTA

Kodi mumadziwa kuti pulojekita inayatsa moto nyumba yotchuka kwambiri mu mzindawu? Pa 23 May 2014, ku Glasgow School of Art, mpweya woyaka wochokera m'chitini cha thovu lomatira, limene linkagwiritsidwa ntchito pokonza chionetsero cha ophunzira, unakumana ndi pulojekita yotentha. Moto unanyeketsa laibulale ya m'nyumba imene Charles Rennie Mackintosh anaijambula, yomalizidwa mu 1909. Akatswiri a pa sukulu yomweyo ojambula nyumba ndi kuwala kwa laser anayeza nyumbayo mbali zonse, ndipo miyezo yawo inathandiza omanganso. Mu June 2018, ntchito ili pafupi kutha, moto wina waukulu unaononga nyumbayo. Zambiri za maonekedwe ake tsopano zatsala m'mafayilo a pa kompyuta ndi m'zithunzi.

Kodi mumadziwa kuti akuba a pa intaneti amakonda mayunivesite? Mu July 2023 University of the West of Scotland, ya ku Paisley pafupi ndi Glasgow, inathyoleredwa, ndipo gulu lotchedwa Rhysida linati ndilo linaba mafayilo ake. Mu October chaka chomwecho gulu lomweli linagwetsa makompyuta a British Library ku London, ndipo nkhokwe ya EThOS, mmene ofufuza ankapezamo mabuku a PhD a dziko lonse la Britain, inatsekeka kwa nthawi yaitali. Kawirikawiri khomo la akuba limakhala pasiwedi yobedwa kapena imelo yabodza imene wina anaidina. N'chifukwa chake a ICT amaumirira kuti polowa mu akaunti mutsimikizenso pa foni. Malekichala amadandaula kuti n'zochedwetsa, koma chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Kodi mumadziwa kuti mayunivesite aakulu a ku Britain sanaletse AI? ChatGPT itatuluka mu November 2022, aphunzitsi ambiri anada nkhawa ndi maasayimenti olembedwa ndi makina. Mu July 2023 gulu la mayunivesite 24 la Russell Group, momwe muli University of Glasgow, linatulutsa mfundo zisanu. Mwachidule, ophunzira ndi aphunzitsi aphunzitsidwe kugwiritsa ntchito zidazi moyenera, ndipo kayesedwe ka ophunzira kasinthe kuti chilungamo chisasokonekere. Mtolo wophunzitsa aphunzitsiwo unagweranso akatswiri aja a luso lophunzitsira.

UBALE NDI MALAWI

Kodi mumadziwa kuti sukulu ya madokotala a mano ku Malawi inayamba ndi kukonza mipando? Mu 2019 College of Medicine, imene kuyambira mu 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa digiri yoyamba ya udokotala wa mano m'dziko muno. Zinatheka kudzera mu ntchito ya MalDent, mogwirizana ndi sukulu ya mano ya University of Glasgow, ndi thandizo la boma la Scotland. Silabasi yokha sikanakwanira: amisiri, mothandizidwa ndi bungwe la Dentaid ndi kampani ya Henry Schein, anayenera kukonza ndi kuika mipando ndi zida ku chipatala cha Kamuzu Central kuti ophunzira akhale ndi pogwira.

Kodi mumadziwa kuti ku Blantyre kuli labotale yotchedwa Blantyre-Blantyre? Ndi mgwirizano wa Kamuzu University of Health Sciences ndi University of Glasgow, wofufuza matenda osapatsirana amene akuvutitsa anthu a mbali zonse ziwiri. Ndipo ku Mthembanji m'boma la Dedza, magetsi a dzuwa a m'mudzi amene anayatsidwa mu 2020 mothandizana ndi Strathclyde ali ndi mamita otumiza okha manambala pa intaneti, moti mainjiniya amatha kuona mmene akuyendera ali kutali. Zonsezi zili pansi pa ubale umene Pulezidenti Bingu wa Mutharika ndi nduna yaikulu ya Scotland Jack McConnell anasainirana mu November 2005.

Kodi mumadziwa kuti mayunivesite a ku Britain anachita kusaina lonjezo loti azilemekeza amisiri awo? Mu 2017 kunakhazikitsidwa Technician Commitment, pozindikira kuti amisiri odziwa ntchito akukalamba ndipo achinyamata sakukopeka ndi ntchito yopanda ulemu ndi makwerero. Yunivesite yosaina imalonjeza zinthu zinayi: kuti amisiri azionekera, ntchito yawo izizindikiridwa, azikhala ndi njira yokwerera pa udindo, ndiponso luso lawo lizipatsiridwa kwa obwera m'mbuyo. Ngati dziko lolemera linafika posainira zimenezi, nanga ife amene chida chilichonse timachigula ndi ndalama zakunja zosowa? Makina a mamiliyoni angabwere ndi wopereka thandizo, nduna n'kudula riboni, koma fyuzi ikapsa amafunika munthu wodziwa pomasula, wolipidwa bwino moti sathawira ku banki kapena ku kampani ya mafoni. Akuluakulu a mayunivesite athu akamalemba bajeti ya chida chatsopano, pamzere wotsatira alembepo malipiro, maphunziro ndi zipangizo za munthu wochisamalira.